Zitumbuwa Pansi pa Mlatho wa ku Kilosa

"Achotseni mayi awo, mabwana afika!" anakuwa Selemani Mkude, injiniya woyang'anira ntchito yokweza mlatho wa ku Kilosa kuti mawaya a sitima yamagetsi azidutsa bwino pansi pake.

Antchito anangoyang'anana, palibe anasuntha. Onse ankadziwa kuti mayi wa chitenje chofwifwa uja, wogulitsa zitumbuwa za mpunga, anali mayi ake a Selemani omubereka.

Selemani anapita yekha, uku akuyang'ana mwakuba galimoto ya alendo ochokera ku Dar es Salaam imene inali itaima kale.

"Mayi inu, pano si pamsika. Nyamukani!" anatero mokweza kuti alendo amve.

Mayiwo anamuyang'ana kanthawi, kenako anayamba kulongedza.

"Pepani bwana, sindibweranso," anayankha motsitsa, n'kusenza beseni lawo.

Apo n'kuti bambo Lyimo, mkulu wa ntchito yonse, atafika kumbuyo kwa Selemani. Anavula chisoti n'kuwerama pang'ono, n'kupereka moni waulemu wa Chiswahili kwa mayiwo.

"Shikamoo, amake Selemani! Mukuthawira nazo kuti zitumbuwa zanga?" anaseka, kenako anatembenukira kwa alendo. "Awa ndi amene anatiberekera injiniya wathuyu. Ulendo watha anandisimbira okha mmene anamuphunzitsira ndi beseni lomweli."

Alendo onse anacheukira kwa Selemani. Iye maso anali pa nsapato, thukuta lili kamukamu.

Mayiwo anakonza beseni pamutu mosafulumira.

"Ayi bambo, awa ndi bwana," anatero modekha. "Mwana wanga ine lero sanabwere."