Gogomole Asiya Ng'oma

Padangokhala, kale mbalame zisanaleke kuvina, Gogomole ankasema ng'oma ndi mlomo wake n'kumaziimba yekha. Akayamba, ngakhale Kadzidzi ankagwedeza mutu.

Atakwatira mlongo wake wa Nkhwali, anakakhala chikamwini. Mwana wawo atabadwa n'kuyamba kuyenda, Nkhwali analeka kumunyengerera.

"Alamu, ng'oma sidyedwa. Mkamwini pano amasema mitondo."

"Mtondo uli ndi nyimbo yanji, alamu?" anafunsa Gogomole.

"Tiyese. Inu imbani ng'oma, achemwali akonole chimanga. Komwe mudzi uthamangire, ndiko kwapambana."

Gogomole anaimba ndi mtima wonse. Mudzi unadzaza bwalo, fumbi kuti koboo! Koma munsi utangogunda kuseri kwa nyumba, ovina anayamba kuzemba mmodzimmodzi kukatola mphale zogwa. Wotsiriza kuchoka anali mwana wa Gogomole yemwe, akupita uku akucheuka.

Gogomole anagoneka ng'oma pansi, natenga chipika chosemera mtondo.

Mpaka lero mukamumva akugogoda mtengo, tcherani khutu. Amagogoda msangamsanga ngati pabwalo paja, kenako amangoti zii, kumvetsera ngati alipo amene akuvina.