Mlendo pa Bolodi la Ukwati

Kamuvi kofiirira kanangotulukira pa bolodi la pa intaneti pomwe achibale a Justina ankakonzera malo okhala anthu pa ukwati wake. Pamwamba pake panangolembedwa kuti "Mlendo".

"Nindani uyu wangena?" anafunsa azakhali a Justina pafoni, ali ku Lusaka.

"Kaya, ankhazi," anayankha Binwell, mlongo wake wa Justina, ali ku Kasungu.

Justina anali pachulu ku Magodi, poti netiweki imagwira pokhapo. Monga mkwatibwi, anamulola kungoonerera, osakhudza kanthu.

Kamuviko kanazungulira tebulo la akwati pang'onopang'ono, kenaka kanakoka kakhadi ka dzina la mkwati, Haswell, n'kukasiya kutali ndi ka Justina.

"Bwezela, iwe Binwell!" anakuwa azakhali.

Binwell anabwezera. Mlendo anakachotsanso.

"Ni mkazi wansanje uyu," anatero azakhali. "Mwana wanga, Haswell asamve."

Justina anadina foni mpaka chala kuwawa, koma palibe chinasuntha. Kakhadiko kanafufutidwa iye akuona. Analakalaka Haswell akanakhala pambali pake.

"Natseka," anatero Binwell, akutsekera kunja aliyense wolowa pa bolodi popanda dzina. "Akafuna kubwela, angene na dzina lake."

Bolodi linaphethira. Kamuvi kofiirira kaja kanabwerera, ndipo pamwamba pake panaoneka dzina: Haswell Zgambo.