Galimoto ya pa Njerwa

Che Lajabu anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto. Anadzuka akusasa dothi m'mawondo.

"Dzimbiri layesetsa, koma chitsulo chilipo," anatero.

A Simoni anaima chapatali, manja kumbuyo, atavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala linali litaswa kale mtengo.

Inali Renault yaing'ono yobiriwira, ya chitseko chakumbuyo chotsekukira m'mwamba. Inakhala pa njerwa zaka zisanu ndi zinayi, pansi pa chisakasa cha udzu, kuseri kwa nyumba ya malemu mayi Bibiana ku Ndunde. Matayala anang'aluka kalekale. Mavu anamanga pakona ya galasi. Mpando wakumbuyo makoswe anaugawana.

A Simoni anali mkamwini pamudzipo. Kwawo kunali ku Phalombe. Akazi awo, mayi Bibiana, atamwalira mu 1980, osasiya mwana, akuchikazi anadikira miyezi ingapo, kenaka anawasudzula monga mwa mwambo. Anawathokoza, nawauza kuti tsopano ndi omasuka kubwerera kwawo. A Simoni anavomera. Anamanga katundu, analowa m'galimoto, anapotokola kiyi. Injini inangokhosomola, osalira.

"Ikalira ndinyamuka," anatero tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ankatsekula boneti n'kuweramira mkati mpaka masana. Anagwirapo umakaniko zaka makumi awiri ku Limbe, choncho panalibe wowatsutsa. Akalephera iwo, angathe ndani? Akatseka boneti ankasamba m'manja, n'kukakhala pamwala woyang'anana ndi mitengo ya kumanda. Sankapita kufupi. Ankangokhala.

Chaka chino Miriam, mwana wa mng'ono wake wa malemu, anapeza banja, ndipo nyumba inafunika. A Bonifasio, mlongo wake wa malemu amenenso anali mwini mbumba, anatopa n'kudikira. Anapalasa njinga mpaka ku Mbulumbuzi kukaitana Che Lajabu, munthu wogula magalimoto akufa n'kuwadzutsa. Aliyense pamudzipo ankadziwa tanthauzo lake: galimoto ikachoka, a Simoni alibenso chowasunga.

"Chinafa n'chiyani kwenikweni, bambo?" anafunsa Che Lajabu.

"Musavutike nawo awa," analowerera a Bonifasio. "Mawu awo ndi odula kuposa galimotoyo. Injini inafa. Akuti zitsulo zake n'zochokera kunja. Zaka naini tikudikira sitima."

"Ndiye kuti sitimayo ikubwera wapansi."

Anaseka awiriwo. A Simoni ankayang'ana njerwa.

Che Lajabu anazungulira galimoto kawiri, akuigogoda ndi chala. Anatsekula boneti, anasuzumira pang'ono, anatsekanso.

"Ine zoterezi ndiye ndimazikonda," anatero. "Ndikaiphwasula yonse, bawuti ndi bawuti. Penti watsopano, mipando yatsopano. Ikatha miyezi sikisi mudzaiona pa Boma itanyamula akwati."

Anatchula mtengo. Unali wochepa.

"Alamu, mwamva?" anafunsa a Bonifasio.

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Atenge."

A Bonifasio anabwera atakonzekera mkangano. Mawu onse amene anasunga anasowa kolowera. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

"Si nkhanza ayi, alamu," anatero motsitsa mawu. "Mwakhala nafe bwino. Koma mwanayu akufunika pogona. Komanso mchemwali wanga anapita, sabweranso."

"Eya."

Che Lajabu anatsitsa matayala anayi akale m'pikapu yawo. Anakweza galimoto ndi jeke, mbali imodzi kenaka inayo, ndipo a Bonifasio ankasolola njerwa n'kuziunjika pambali. A Simoni anaona kuti mabawuti akumangidwa mosatsata dongosolo. Ataikankha kuichotsa m'chisakasa, panatsala dothi loyera lopanda udzu, lofanana ndi mphasa. Analiyang'ana ngati munda wa munthu wina. Anadikira kuti mumtima mumveke kanthu. Simunamveke.

"Tsopano vuto ndi limodzi," anatero Che Lajabu akumanga chingwe kumbuyo kwa pikapu. "Ine ndikukoka. Pakufunika wogwira chiwongolero."

"Ine ndimadziwa njinga basi," anatero a Bonifasio.

A Simoni analowa m'nyumba. Sanachedwe. Anatuluka ndi sutikesi imodzi ndi bokosi la masipanala, anaziika kumbuyo m'galimoto, anatseka chitseko. Kiyi wa nyumba anapereka kwa a Bonifasio osawayang'ana kumaso.

"Lero lomwe, alamu? Osadikira ukwati?"

"Mukanditsitse pa Boma," a Simoni anauza Che Lajabu. "Ndikakwera basi kumeneko."

Anakhala pampando. Chiwongolero chinali cholimba, cha fumbi. Azimayi awiri anaima ndi zidebe pamutu, akuonerera. A Bonifasio anabwerera m'mbuyo, kiyi ali m'manja, akupukusa mutu.

"Zaka zonsezi kulimbana ndi chinthu chakufa," anatero.

Che Lajabu anayesa chingwe ndi phazi, kenaka anabwera pawindo kudzafunsa ngati mabuleki akugwirako. A Simoni anapisa m'thumba la mkati la jekete. Anatulutsa kampango, anakamasula pang'onopang'ono. Munali kachipangizo kakuda, kochepa ngati chala chachikulu, kamkuwa kunsonga. Che Lajabu anakazindikira nthawi yomweyo: rota, kogawa moto m'injini. Popanda iko galimoto silira.

"Mukagule batire, mukasinthe oyilo," anatero a Simoni. "Injini musakaphwasule, ilibe vuto. Aka ndinachotsa ndekha, m'mawa wa tsiku loti ndizipita."