Bwato la a Jailos

"Lero mulilemekeza bwato langa," anatero a Jailos, madzi osefukira atafika m'mawondo pabwalo pawo ku Chimwankhunda.

Bwatolo anabwera nalo pa lole kuchokera kwawo ku Nsanje, ndipo anzawo ankawaseka kuti bwato m'tauni n'la chiyani. Akazi awo, a Anastazia, anangolithira dothi n'kubzalamo mpiru.

Namondwe anali atagwetsa mapolo a magetsi, msewu utasanduka mtsinje. Posakhalitsa anatulukira a tcheyamani a nthambi ya chipani, buluku atapinda.

"Achimwene, mundiwolotse. Msonkhano wa chipani sudikira mvula."

A Jailos anakhuthula dothi lija, kukweza mlendo wawo kutsogolo, n'kuyamba kupalasa monyadira. Asanadutse n'komwe mpanda, madzi anatumphuka pansi pa bwato ngati kasupe. A tcheyamani anamira mpaka m'chiuno, khadi ya chipani ataikweza m'mwamba kuti isanyowe.

"Mayi a Bertha! Mabowo awa achokera kuti?" anakuwa a Jailos.

"Ndinaboola ndine," anayankha akazi awo ali pakhonde. "Nanga mpiru ungakule madzi osatuluka?"

Madzi anaphwa, dzuwa linawala, koma magetsi sanabwere, ndipo makala anasowa mpaka ku Limbe. A Anastazia anatenga nkhwangwa.

Pobwera kuntchito, a Jailos anapeza anthu onse ankawaseka aja ali pamzere, akulandira chibenthu cha bwato lija ngati nkhuni ndi manja awiri, ena mogwada.

"Munanena zoona, bambo," anatero a Anastazia. "Taonani mmene akulilemekezera."