Mayina a Akufa a ku Kasanda

Ndalumbira pali manda a atate anga amene anakumba mtovu zaka makumi anayi osatsokomola: m'nkhaniyi mulibe bodza ngakhale la kambewu kampiru.

Panali munthu wina ku Kasanda, ku Kabwe, dzina lake Febian Zulu. Ndiye ankasunga buku la mayina a akufa a patchalitchi pawo, mayina amene amawerengedwa pa Misa ya mizimu mwezi wa Novembala. Munali agogo onse amene anachoka ku Chipata ndi ku Katete kudzagwira ntchito mumgodi ndi kunjanji. Bukulo linali lolemera moti anthu awiri ankachita kulinyamula pawilibala.

Mwana wake atamutumizira kompyuta, Febian anataipa mayina onse, bukulo n'kupatsa mayi wogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira malonda. Mkazi wake Philomena anamuchonderera kuti asatero, chifukwa pepala silidikira magetsi. Iye anangoseka nati dziko linapita patsogolo. M'kompyuta yomweyo ankasungamonso mayina a anthu amene analonjeza mwamseri kuvotera kansala wina, poti analinso mlembi wachipani.

Mmawa wa tsiku la Misa, kompyuta inakana kuyaka. Anaipemerera, anaiwaza madzi odalitsa, anaiwerengera korona yonse atagwada. Inangoti zii. Mayina mazana asanu ndi awiri anali mmenemo, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Febian anaikulunga m'chitenje nathamanga mpaka m'tauni, n'kupitirira maminibasi atatu panjira, ine ndikuona ndi maso angawa.

Wokonza amene ankamudziwa anali atatseka. Pakhonde anapeza mwamuna wina wachilendo, Eddie, amene anati makompyuta a ku Highridge onse amachira m'manja mwake. Febian anamugwira miyendo, misozi ili chuchuchu.

"Ndithandizeni bwana, muli akufa athu umu. Akapanda kutchulidwa lero ndilowera kuti?"

"Osadandaula mudala, mayina ni mayina," anatero Eddie.

Anaitsegula, anagwiragwira, inayaka kamphindi, natulutsa mapepala a mayina. Kenaka inatulutsa utsi umene unaoneka mpaka ku Chililalila, n'kuferatu. Eddie anasowa ngati mame.

Pakhomo la tchalitchi Philomena anamugwira dzanja Febian.

"Atate ake Natalie, yambani mwawerenga mapepalawo."

"Mayi, belu lalira kale."

Anaima kutsogolo thukuta lili kamukamu, nayamba. Alex Tembo. Henry Banda. Irene Phiri. Pakutha pa dzina lililonse mpingo unkayankha kuti mzimu wake uuse mumtendere. Poyamba palibe anadabwa, paja kwathu mdzukulu amatenga dzina la agogo ake. Koma mayina anapitirira, onse a anthu amene anali pamabenchi pomwepo, ndipo a akufa enieni osamveka. A Tembo, apampando a tchalitchi, amene ankalalikira kuti ndale zisalowe m'nyumba ya Mulungu, anayamba kudzigwira pamtima kuti amve ngati ukugunda. Ovotera mwamseri aja anazindikirana, ena onse n'kuwazindikiranso.

Febian anafika pamzere womaliza nawerenga ndi mawu onse: "Febian Zulu, mlembi wachipani." Mpingo unayankha mwachizolowezi kuti ause mumtendere. Apo m'pamene anazindikira kuti wawerenga mayina a chipani aja.

Atatuluka, anthu andale aja sanamuyankhule. Amene anamuyandikira ndi gogo Everlyn, wa zaka pafupifupi zana, amene anapereka kalekale mayina a ana ake asanu ndi mmodzi kuti alembedwe m'buku lija.

"Mwanawanga, mutu wanga unatha. Ndimabwera chaka chilichonse kuti undikumbutse mayina awo. Lero sunawatchule. Anali ndani?"

Febian anayamba kuwasaka mayinawo tsiku lomwelo.

Mpaka lero akuyenda khomo ndi khomo ndi kope ndi pensulo. Anafika ngakhale kwa mayi wa zitumbuwa uja, napezako tsamba limodzi lokha lonona mafuta. Mayina a ana a gogo Everlyn wapezako anayi. Awiri akusowabe.

Wina anandifunsa kuti munthu angawerenge bwanji dzina lake lomwe pakati pa akufa osaima. Zamkutu! Ameneyo sanathamangepo kuchoka ku Kasanda atanyamula manda onse m'chitenje.

Phunziro: Usataye buku chifukwa wagula makina, usasunge za Mulungu ndi za chipani m'thumba limodzi, ndipo pepala la mlendo uyambe waliwerenga wekha usanaime nalo pagulu. Akakuchenjeza mkazi wako, imva. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka alembi a m'matchalitchi, Novembala asanafike.