Phazi Lamanzere la Yoramu

Atangomuchotsa chikhakha kuchipatala, Yoramu anayambiranso kukonzekera mpikisano wothamanga m'mapiri tsiku lathunthu. Dokotala anamuuza kuti aziponda dothi lofewa osavala nsapato kuti phazi lake lamanzere, lomwe linathyoka, lilimbe, ndiye madzulo aliwonse ankakwera kanjira kodutsa m'minda ya kachewere ku Tsangano.

"Achimwene, musamasiye mapazi poyera chonchi," anatero mlongo wake Lufina. "Anthu amatapa phazi."

Yoramu anangoseka.

Tsiku limenelo mdima unamupeza pamwamba pa phiri. Akutsika, anamva kugunda kumunsi kwa njira, ndipo kugunda kulikonse kunkamubaya m'phazi lamanzere. Anaunika ndi tochi. Munthu wovala malaya othamangira onga ake anali atagwada, akukhoma ndi mwala mapazi amene Yoramu anasiya pokwera. Akumanja ankawadumpha.

Mwala unateranso. Fupa linalira kuti thyo, Yoramu n'kugwa chafufumimba.

"Ndinu ndani? Ndakulakwirani chiyani?"

Munthuyo sanadzutse mutu. Anakwawira pa phazi lotsatira n'kukhomanso, chala chachikulu chakuphazi kwa Yoramu n'kuphulika. Yoramu anatola mwala n'kumugenda pamphumi, koma magazi anachucha pankhope pa Yoramu mwiniwakeyo.

Anayamba kukwawa chobwerera kuphiri, akufufuta mapazi ake ndi manja onse awiri kuti munthuyo asowe pokhoma. Kugunda kuja kunaleka.

Ataunikanso, anamuona munthu uja ali pafupi, mwala uli m'mwamba, akuyang'anitsitsa padothi pamene panadinda chikhatho cha Yoramu.