Manja Amene Anakana Kusungunuka

Katswiri wa zaluso anatsegula mpopi, madzi n'kuyamba kukhuthukira pa chifaniziro cha mkazi chimene anthu asanu anathandizana kuumba ndi dongo losawotcha. Ati chisungunuke alendo akuona, aphunzirepo mmene nthaka ikukokolokera.

Mutu unanyenyeka, mapewa n'kugwa. Alendo a masuti anagwedeza mitu ngati amvetsa. Koma manja awiri anatsala pamatopepo, ofiira, ali gwa.

"Mayi, mwawotcha manjawa?" katswiriyo anafunsa akukukuta mano. "Mwandiwonongera chionetsero!"

Mayi woumba miphika, mmodzi mwa asanu aja, amene anapatsidwa mbali ya manja, anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi.

"Bambo, zaka makumi anayi ndikuumba, mphika wanga sunaopepo madzi. Zanuzo katoleni ndi fosholo."